Mchere wa Kuseri kwa Chikuta cha Malata

Ndikukumbukira fungo la dizilo m'malaya a bambo anga kuposa nkhope yawo. Nkhopeyo inafufutika ndi zaka, poti sanajambulitseko chithunzi, koma fungo lija silinandichoke. Lole ikangodutsa pamsewu wa ku Liwonde ikufuka utsi, ine ndabwerera kale pa mishoni paja, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, miyendo ili mbuu, pakamwa pali yavi. Ndinali mwana wolongolola, ndipo ndiyambe ndavomera zimenezi, chifukwa nkhani yonseyi inatulukira pakamwa panga.

Mishoni yathu inali kum'mawa kwa Balaka, kuchigwa kwa milambe ndi thonje, kumene dzuwa la Okutobala limang'amba nthaka ya makande mpaka mwanapiye kugweramo. Munali m'zaka za m'ma 1950, dziko likadali Nyasalande. Dera lonselo magetsi anali pa mishoni pokha. Ankachokera ku injini yaikulu yobiriwira imene inkakhala m'kanyumba ka njerwa kuseri kwa shedi ya akalipentala, ndipo woisamala anali bambo anga, a Zuze. Iwo anabadwira kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, kwa Apwitikizi, n'kubwera kuno ali kumsana. Pamaso anthu ankawatchula a Zuze a injini. Kumbali ankati Mnguru wa injini uja, ndipo mawu amenewo ankandiwawa ngakhale ndinali mwana.

Ntchitoyo anawaphunzitsa ndi a Bulazala, mzungu wamtali wosakonda kuyankhula, amene anawatenga ali mnyamata wopukuta mafuta. Magetsiwo ankayaka kunyumba ya ansembe, kwa masisitere ndi m'tchalitchi basi. Kwathu, kwa mwini injini, tinkaunikira koloboyi ngati wina aliyense. Anzanga kusukulu ankandiseka nazo, ine n'kumawayankha kuti wophika sadyera kukhitchini, ngakhale mumtima zinkandinyansa ndithu.

Chaka chimenecho masisitere anamangitsa nyumba yochiriramo amayi, kutsidya kwa bwalo la mpira. Inali ya njerwa zootcha, yamalata, pansi pa simenti. Amayi a m'midzi anangoitcha chikuta cha malata. Panatsala kukokerako magetsi, ndipo nthawi yomweyo a Bulazala anadwala malungo oopsa, n'kuwatengera ku Zomba. A Bambo Mfumu, wansembe wamkulu wa pa mishoni, anafuna kuti ntchito iime mpaka kudzabwere mzungu wa zamagetsi wochokera ku Limbe. Koma a Bulazala, asanakwezedwe m'galimoto, ananena kuti Zuze aitha yekha. A Bambo Mfumu anavomera monyinyirika, ndipo anawauza bambo mosabisa kuti pakalakwika kanthu, injini adzaipereka kwa wina. Nyumba imene tinkakhala inali ya mishoni, yoyendera limodzi ndi injiniyo. Kumudzi munda tinalibe. Choncho ntchito ikanawonongeka, tikanasenza mphasa osadziwa kolowera.

Panali chinanso chimene bambo sankachitchula. Amayi anali oyembekezera, miyezi itapita ndithu. Pambuyo panga panabwera ana awiri, ndipo onse sanatuluke m'chikuta amoyo. Bambo akamayang'ana nyumba yatsopano ija, ankaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira.

Ntchito inayamba ndi mapolo asanu ndi atatu a bulugamu, amene anabwera pa ngolo. Anawapaka phula kumunsi kuti chiswe chisawadye, ndipo masabata awiri mishoni yonse inkanunkha phula lotentha. Anyamata awiri aganyu ankakumba maenje, bambo n'kumayeza ndi chingwe kuti mzere uwongoke kuyambira ku kanyumba ka injini mpaka pakhoma la chikuta. Pamwamba pa polo iliyonse anakhomapo tizikho toyera tonga makapu a tiyi a kwa masisitere, ndipo mawaya awiri anadutsa pa tizikhoto. Ine ntchito yanga inali kuwapititsira chinangwa chophika ndi thobwa masana ndikaweruka. Ndinkawapeza ali pamwamba pa makwerero, pulayasi ili kukamwa, thukuta likudontha kuchibwano. Sankatsika msanga. Ndinkakhala pamthunzi wa polo, umene unali wopyapyala moti unkangokwana msana wokha, n'kumawafunsa mafunso amene sankayankhidwa.

M'kati mwa nyumba anakhoma bokosi lachitsulo la mafyuzi, n'kuyendetsa mawaya m'timapaipi mpaka kudenga kwa chipinda chilichonse. Zonsezi anthu ankabwera kudzaonerera ndi kuyamikira. Chimene sanachione ambiri ndi dzenje la kuseri.

Dzenjelo bambo analikumba okha, pamene madzi a padenga adzagwere, ndipo linali lakuya kuwapitirira mutu. Tsiku limene ndinawapeza m'menemo ndinangoona khasu likutuluka ndi kulowa. Pambali panali chimbale chamkuwa chafulati, chachikulu ngati lichero, chomangiridwa ku waya wamkuwa wonenepa, wosavala kanthu, amene ankatsika ndi khoma kuchokera ku bokosi la mafyuzi lija. Panalinso matumba awiri a makala ndi debe lodzaza mchere. Mchere wa kusitolo, woyera, wamiyalamiyala, umene kwathu amayi ankausunga m'kachibotolo n'kumautapa ndi nsonga za zala. Ndinaima kukamwa kuli yasa, ndikuona bambo ndi anyamata aja akuimika chimbale pansi, kuthira makala, kuthira mchere, makala, mchere, mpaka debe lonse gwa.

Tsiku limenelo lokha anandiyankha. Anakhala pamulu wa dothi n'kumwa thobwa, kenaka anati, “Rozina, magetsi ali ngati madzi a mvula. Akayenda m'njira yake, alibe mlandu. Koma tsiku lina amaphonya njira, n'kulowa m'chitsulo chimene munthu amagwira. Ukapanda kuwakumbira ngalande, adzera mwa munthuyo. Waya uyu ndiye ngalande yake. Amawatenga n'kuwapereka ku nthaka.” Anati nthaka youma silandira magetsi, n'chifukwa chake pamafunika makala ndi mchere kuti zisunge chinyezi. Madzulo ake analiza injini, natenga babu lawo loyesera, lokhala ndi timawaya tiwiri, n'kugunditsa kamodzi ku magetsi, kena ku waya wamkuwa uja. Babulo linayaka kuti ngwee. Anamwetulira, n'kundipatsa udindo: m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndowa ziwiri za madzi padzenjepo, mpaka mvula idzagwe.

Udindo umenewo unandikwera kumutu. M'mawa mwake ndinafika pachitsime ndikuyenda ngati mwini mishoni. Panali amayi ambiri, ndipo pakati pawo panali Abiti Chande, mzamba wa dera lonselo, Myao wamfupi wa chipini pamphuno, amene manja ake analandira pafupifupi mwana aliyense amene ndinkasewera naye, ndi ine ndemwe. Wina anandifunsa kuti madzi a mamawa chonchi ndi a chiyani. Ndikanangoti ndi a bambo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinatukula chifuwa n'kunena mokweza kuti ndikukathirira mchere, poti bambo anga akwirira debe lathunthu kuseri kwa chikuta cha malata, ndi makala, ndi chimbale chofiira.

Chingwe cha pachitsime chinaima. Palibe anaseka. Abiti Chande anandiyang'ana, n'kufunsa mofatsa kuti, “Njete? Mchere weniweni? Wathira ndani?” Ndinati bambo ndi anyamata awo. Amayi aja anayang'anana, ndipo ine ndinasenza ndowa yanga ndikuganiza kuti achita kaso.

Apa ndiyenera kufotokozera amene anakula mchere uli wa m'mapaketi. Masiku amenewo mchere sunali chokometsera ndiwo chabe. Masiku ena pamwezi, amayi ankandiitana kumasewera kuti, “Rozina, dzandithirire mchere m'ndiwomu,” iwo ataimirira pomwepo, manja ali bwinobwino. Ine ndinkayesa ulesi. Ndinadzamva nditakula kuti munthu wamkulu ali ndi nthawi zimene amati ndi wotentha, ndipo akathira mchere nthawi imeneyo, odya amadwala tsempho: kutupa, kutsokomola, kuwonda mpaka kufa. Mwana wosakula ankatengedwa kuti ndi wozizira, dzanja lake lilibe vuto. Ndipo wozizira kuposa onse, wosachedwa kutsemphedwa, anali khanda longobadwa kumene. Tsono taganizani mmene zinamvekera m'makutu mwa amayi aja: amuna atatu akuluakulu, awiri a iwo anyamata osadziwika kumene amagona, athira debe la mchere pakhoma la nyumba imene makanda adzagonemo. Ndiponso wotsogolera ndi Mnguru, anthu amene ankawanamizira mankhwala aliwonse.

Loweruka bambo anapita ndi ngolo kusiteshoni ya sitima ku Balaka kukatenga mababu ndi chiketulo chamagetsi chowiritsira zida za a Sisitere oyang'anira odwala. Atangokhota pa mlambe, amayi asanu ndi mmodzi anatulukira ndi makasu ndi madengu, Abiti Chande ali patsogolo. Anandiitana kuti ndiwasonyeze malo, ngakhale panalibe chosonyeza, poti pamishoni ponse pamene panali ponyowa panali pomwepo. Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti amayi anga analipo. Sanagwire khasu. Anaima chapatali, dzanja lili m'chiuno, nkhope ili kumbali.

Anakumba dzuwa lili paliwombo. Matope akuda amchere aja ankawolera m'madengu n'kukataya kukhwawa. Atafika pa chimbale, anakangana pang'ono, koma anagwirizana kuti chimenecho ndiye chithumwa chenicheni. Anachipotokola uku ndi uku mpaka chinathothoka ku waya, ndipo anakachibisa pachulu. Nsonga ya waya anaisomeka m'dothi, n'kukwirira, n'kupondaponda, n'kusesa ndi tsache moti sipanaoneke kuti panafika munthu. Pobwerera kunyumba amayi anandigwira paphewa. Sanandiopseze. Anangoti, “Ndataya awiri, mwanawe. Uyu sindifuna kumutaya. Bambo ako usawauze.”

Ine amene sindinkatha kusunga mawu kuchokera pakhomo kufika pachitsime, ndinasunga amenewa masiku asanu ndi limodzi. M'mawa uliwonse ndinkasenza ndowa ziwiri n'kukathira padzenje lopanda kanthu. Bambo ankadutsa, kuona ponyowa, n'kundisisita kumutu. Sindinamvepo manyazi otero moyo wanga wonse. Kusukulu aphunzitsi anafunsa ngati ndikudwala, poti kalasi inali itakhala chete.

Lachisanu masana linali tsiku loyesa nyumba yonse. Kunabwera a Bambo Mfumu, a Sisitere amene ankayang'anira odwala, akalipentala, ndi amayi a m'midzi amene a Sisitere anawaitana dala, makamaka Abiti Chande, chifukwa ankadziwa kuti popanda iwo palibe mayi adzaponde pakhomopo. Pansi anali atangokolopa, simenti ikadali yonyowa. Injini inalira kutali, bambo anatsitsa chogwirira cha pabokosi, ndipo mababu onse anayaka pamodzi. Nthungululu zinamveka. Ndinaona bambo maso ali kudenga, ndipo kwa kanthawi ndinakhulupirira kuti mwina dzenje lija linalibe ntchito kwenikweni.

Kenaka a Sisitere anathira madzi m'chiketulo chija n'kuchilumikiza kukhoma, kuti aonetse amayi mmene lumo ndi zida zina zidzawiritsidwire. Palibe ankadziwa kuti m'kati mwake waya wina anali atasupuka ndi kugwedezeka kwa sitima, ndipo ankakhudza chitsulo. Abiti Chande, osavala nsapato monga ambiri a ife, anasendera kuti aone, n'kuika dzanja pachivundikiro.

Anakuwa mawu amene sindinawamveponso. Dzanja linakankhidwa, iwo n'kugwa chagada pa simenti, mpango uli uko. Bambo analumpha n'kukweza chogwirira chija, mababu onse n'kuzima. Amayi anathawira pakhomo akupondana. Abiti Chande anadzuka okha, atagwira mkono, ndipo panja mawu anayamba kuyenda: tinanena ife, nyumba imeneyi aitsirika, za Anguru izi. A Bambo Mfumu anafiira mpaka m'makutu. Ananena m'Chinyanja chawo chodukaduka kuti, “Zuze, kazimitse injini. Lolemba ndilemba kalata ku Limbe.”

Bambo sanadziteteze. Anapempha kuti injini ilire pang'ono pokha, anachotsa chiketulo, n'kutulutsa babu loyesera lija m'thumba. Anagunditsa timawaya monga anachitira tsiku lija. Babulo linangofiira pang'ono ngati khala lotsala m'phulusa. Analiyang'ana, n'kutuluka kuzungulira kuseri, ife tonse tikuwatsatira. Anagwada padzenje, nagwira waya wamkuwa uja, n'kukoka. Unazuka mosavuta ngati phesi.

Anakhala chogwada, nsonga ya waya ili m'manja. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana. “Rozina, madzi umathira?” Ndinati eee. “Nanga umathirira chiyani?” Sanakweze mawu, ndipo mwina akanakalipa ndikanapirira. Ndinangoyamba kulira, kulira kwa mamina komwe. Apo amayi anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono, ndi mimba yawo, n'kuima patsogolo panga. “Mwanayu musamufunse,” anatero. “Ndinamutseka pakamwa ndine. Pokumba ndinalipo.”

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinaona mkwiyo ukukwera pankhope ya bambo, n'kusowa kolowera. Anthu amene anawononga ntchito yawo, n'kutsala pang'ono kuphetsa munthu, mmodzi wa iwo anali mkazi wawo yemwe, amene ankamukokera magetsiwo. Anaika waya pansi. Kenaka anachita chimene sindinkayembekezera: anakhala pansi padothi, pamaso pa Abiti Chande, monga amakhalira mkamwini, n'kufunsa kuti, “Amayi, ndiuzeni. Ndinalakwa pati?”

Abiti Chande ankasisitabe mkono. “Mchere uja munathira ndi ndani?”

“Ine ndi anyamata awiriwa.”

“Anyamata anuwo, mukudziwa kumene anagona dzulo lake?”

Anyamata aja anayang'ana zala za kumapazi. Akalipentala anatsokomola. A Bambo Mfumu ankangotembenuza mutu, osatola kanthu.

“Tsono mchere wa anthu otere,” anapitiriza Abiti Chande, “mukauike pamutu pa makanda anga? Ngwamba. Iyayi ndithu.”

Bambo anafotokoza za ngalande ija, mawu omwe aja anandiuza ine. Anati chimbale chikanakhalapo, magetsi olowa m'chiketulo akanathamangira pansi, fyuzi n'kupsa nthawi yomweyo, iwo asanafike n'komwe pochigwira. “Chimene chakumenyanicho, amayi, chinasowa njira. Njira yake munakaitaya kukhwawa.” Ndikhulupirira kuti mkono unawathandiza Abiti Chande kumvetsa. Koma sanagonje. Anati, “Ife mchere sitiukana, a Zuze. Timadya tsiku lililonse. Tikukana dzanja.”

Bambo anagwira pachipumi. Iwonso anakulira m'mwambo womwewo, ndipo ankadya ndiwo zothira ine mchere osafunsa. Kungoti mchere wa m'dzenje, m'mutu mwawo, unali wa a Bulazala, wa m'buku, osati wa kukhitchini. “Safunsa anadya phula,” anatero, akudzinena okha. “Nanga athire ndani?” Ndinangoona mitu yonse ikutembenukira kwa ine, mamina ali mbwee.

A Sisitere atawamasulira, a Bambo Mfumu anakana, amvekere zimenezo n'zachikunja ndipo sizingachitike pakhoma la mishoni. Bambo anaimirira, chipewa chili m'manja. Ndinali ndisanawamvepo akutsutsa mzungu. Anati, “Bambo, magetsi safunsa kuti mchere wathira ndani. Koma amayiwa amafunsa. Mukaitana wa ku Limbe adzathiranso yekha, ndipo nyumbayi idzayaka bwino, koma mudzagona mileme.” A Sisitere ananena kanthu m'chinenero chakwawo, mwachidule koma mwamphamvu. A Bambo Mfumu anapukusa mutu, n'kunena kuti apereka mpaka Lolemba, ndipo iwo sadzakhalapo kuti aone.

Loweruka m'mawa amayi omwe aja anabwera ndi makasu omwe aja, n'kufukula dzenje kachiwiri. Chimbale anakachitenga pachulu chiswe chitachimata dothi, bambo n'kuchikwecha ndi mchenga ndi mandimu mpaka chinawala, nachimanganso ku waya ndi mabawuti awiri. Mchere unavuta. A Sisitere anapereka wa kukhitchini kwawo, koma sunafike ndi theka la debe. Ndiye ndinaona chinthu chimene mpaka lero chimandigwetsa misozi. Amayi anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ndi kachikho, wina ndi kamfundo kumpango, wina ndi wokulunga m'tsamba la nthochi, mchere wa m'nyumba zawo umene ankautapa ndi nsonga za zala. Sabata imeneyo midzi itatu inadya ndiwo zosakolera.

Anandisambitsa m'manja, n'kundiimika m'mphepete mwa dzenje. Bambo anali pansi ndi fosholo, akuyala makala. Akati “thira,” ine ndinkatapa ndi chikho n'kuwaza mozungulira chimbale, Abiti Chande ataima pambali panga ndi mkono wokulunga nsanza, akuyang'anitsitsa kuti chala cha munthu wamkulu chisakhudze. Kamchere kena katagwera paphewa la bambo, Abiti Chande anawaletsa kusasa, n'kundiuza kuti nditsike ndikawapukute ndine. Mchere unkandiluma m'timabala ta m'manja, dzuwa linkaotcha pamutu, koma sindinadandaule. Aka kanali koyamba kuti anthu akuluakulu andifune chifukwa choti ndine mwana.

Titakwirira ndi kuthira madzi, injini inalira. Babu loyesera linayaka kuti ngwee. Koma bambo sanakhutire. Anaitana amayi onse m'nyumba, nawaimika kutali, n'kulumikiza chiketulo chija dala chisanakonzedwe. Pabokosi panangomveka kuti phwa, fyuzi yapsa, magetsi azima. “Mwaona? Athawira kumchere kwa Rozina.” Atatero bambo anatsegula chiketulocho, nakonza waya wosupuka uja, naika fyuzi ina. Anavula nsapato zawo za matayala, anathira madzi pa simenti, n'kuimapo, n'kugwira chiketulo ndi manja onse awiri chikuwira. Anakhala choncho mpaka amayi anga anati basi, zakwana. Abiti Chande anasendera, n'kuchigunda ndi kachala kakang'ono ka dzanja limene silinamenyedwe, kamodzi kokha, mofulumira ngati akuyesa nsimbi. Anati, “Chabwino. Koma chimenechi azigwira a Sisitere.” Nyumba yonse inaseka, ndipo Lolemba kalata sinalembedwe.

Kunyumba ndinkadikira chikoti, koma sichinabwere. Bambo anangoti pakamwa panga ndi waya wosavala: pamafunika kutseka ndinatsegula, pamafunika kutsegula ndinatseka. Chilango chinali chakuti ndowa zikhale zinayi m'malo mwa ziwiri. Ndi amayi sanayankhulane bwino masiku angapo, kenaka tsiku lina ndinawapeza akusenda chinangwa limodzi pakhonde, ndipo nkhani inatha choncho.

Ndowa zinayizo ndinazisenza mpaka Disembala. Tsiku limene mvula yoyamba inabwera ndi lomwe amayi anayamba kumva kupweteka. Anawatengera ku chikuta cha malata chakumasana, ndipo pofika cha m'ma 3 koloko mtambo unali utada moti nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Lamulo linali lakuti injini isalire dzuwa lisanalowe. Bambo sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anathamanga mumvula n'kuiliza, ndipo mawindo a nyumba ija anawala. M'katimo munali a Sisitere ndi Abiti Chande, onse awiri. Amuna sankaloledwa kuyandikira khomo, choncho bambo anakaima kuseri, padzenje paja, madzi a padenga akuwagwera m'mapewa n'kumalowa pansi. Ine ndinaima nawo, nditafunda thumba. Mwana atalira, kulira kwamphamvu kopitirira phokoso la malata, bambo anakhala pansi m'matope momwemo n'kubisa nkhope m'chipewa. Mchimwene wangayo anabatizidwa Paulo, koma mpaka lero, ali ndi imvi ndi zidzukulu, kwathu amamudziwa kuti Babu.

Zinthu zinasintha, ndipo zambiri zinasintha bwino. Magetsi a ku Nkula anafika, injini inagulitsidwa ngati chitsulo chakutha. Adzukulu anga amathira mchere tsiku lililonse limene afuna, ndipo sindiwauza kanthu, chifukwa mwambo uja unkasenzetsa amayi milandu ya imfa zimene sanapalamule. Chaka chatha mnyamata wina anabwera kudzandiikira magetsi m'nyumba yanga ku Nsanama. Anakhoma kandodo kamkuwa pansi ndi hamala, mphindi zochepa, n'kumapita akuyankhula pafoni. Ntchito yake inali yabwino. Koma sanafunse aliyense kanthu, ndipo panalibe amene anabwera ndi kachikho.

Chikuta cha malata chikadalipo, kungoti tsopano amasungiramo mabedi othyoka. Ndinapitako pa ukwati wa mdzukulu wa Babu, ndipo anthu ali kumadyerero ndinazemba n'kuzungulira kuseri. Waya uja ukadatsikabe ndi khoma, wabiriwira ndi ukalamba, n'kulowa pansi pamalo pomwe paja. Manda a bambo mtanda wake unadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo sindingathe kuloza motsimikiza kuti agona apa. Koma pamenepa ndimadziwa chimene chili pansi, ndi manja amene anachiika. Kunali kotentha, nthaka itang'ambika. Ndinatsegula botolo la madzi limene ndinanyamula n'kukhuthulira ponsepo. Mlonda wa pamalopo, mnyamata waulemu, anandipeza ndikutero. Anayang'ana pansi pouma popanda ngakhale udzu, n'kufunsa kuti, “Agogo, mwadzalapo chiyani pamenepa?”

Ndinafuna kumufotokozera zonse, mapolo, chimbale, Abiti Chande ndi mkono wawo. Koma pakamwa paja, pamene sipanatsekepo zaka zonsezi, panakana. Ndinangoti, “Bambo anga anandituma.”